Bafa la Ada Manda

Ntchito yoyamba kugwira pandekha ndinaipezera pakhomo la tchalitchi ku Chintheche. Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Kumpoto kuno ndinabwera kudzacheka mitengo ya labala, zitandikanika n'kuyamba kukanda matope kumbuyo kwa amisiri ku Kande. N'kumene ndinaphunzira kugwira mpeni womangira, levulo, ndi kuyala matailosi. Tsiku lina tikutuluka m'mapemphero, mayi wina, Ama NyaManda, anandiitanira pambali. Anati bambo awo, Ada Manda (kuno bambo aliyense amati Ada), ku Usisya anadwala sitiroko, mbali yakumanja inafa, ndipo mlongo wawo wa ku Joni watumiza ndalama zokonzera bafa. Ndinavomera asanamalize kulankhula. Njala siidikira mafunso.

Bafalo linali kachipinda ka njerwa kogundana ndi nyumba, pansi pong'ambika, madzi akungodikha pakona. Ndinayeza ndi tepi n'kuona zochita: kuswa pansi pakale ndi hamala ndi tchizulo, kuthira konkire wopendekera ku paipi yotulutsa madzi, kukumba sokawe panja, dzenje lomwera madzi osambira, kuboola khomo lochokera m'nyumba, kupaka pulasitala, kenako matailosi. Mchenga ndi miyala zinalipo zaulere. Ndalama tinazigawa patatu: za simenti ndi mapaipi, za matailosi, ndi malipiro anga. Matumba a simenti ndinawerengera okwanira ndendende, osaikapo lapadera, poopa kuti bajeti ikatupa ntchito aipereka kwa wina.

Kwathu simenti amatsika pa lole n'kulowa m'nyumba. Koma ku Usisya simenti anayenera kupita pa boti. Ndinkayesa kuti boti ndi lole yoyenda pamadzi, ukalipira wamaliza. Tinanyamuka ku Nkhata Bay bwinobwino, koma m'njira mwera unayamba. Madzi ankalowa cham'mbali, pepala la pulasitiki limene ndinafunditsa katundu likungouluka. Pofika, boti silinayandikire kumtunda chifukwa cha mafunde. Linaima pa madzi olekeza m'chifuwa, anthu n'kumasenza matumba pamutu, funde likabwera amira nawo mpaka m'khosi. Ine ndinali pamchenga ndikukuwa ngati wamisala. Mwini boti anandiyang'ana n'kunena kuti, “Ada, nyanja nayo imadya. Simunaiwerengere gawo lake?”

M'mawa mwake theka la matumbawo linali litasanduka miyala. Ndinakhala pa limodzi mwa iwo, nditazyolika. Ndinatopa ndisanagwire n'komwe fosholo.

Ama NyaManda anaimbira mlongo wawo, foni n'kuikweza mawu kuti ndizimva. Ndinafotokoza kuti ndalama za matailosi zikhoza kugula simenti wina, pansi tisiye pa simenti. Bambo uja sanafune n'kumva komwe.

“Ine ndatumiza ndalama za matailosi. Ndikufuna ndione chithunzi, osati bafa la kumudzi. Zikakanika siyani, ndidzabwera ndekha pa Khirisimasi.”

Apo n'kuti tili m'mwezi wa Julaye. Ndinaganiza zongolongedza zida, ndikwere boti lotsatira, ndikayambirenso kukanda matope.

Masana ndinapita kuseri kukatenga wilibala, ndipo ndinaona zimene sindinayenere kuona. Ada Manda anali pa mpando pansi pa mtengo wa mango, atawatchinga ndi chitenje mbali imodzi yokha, mwana wawo akuwasambitsa ndi beseni. Mkuluyo anali atatsinzina, nkhope atalozetsa kukhoma. Munthu amene moyo wake wonse ankasamba kunyanja, kumalo a amuna, akuseka ndi asodzi anzake. Ndinabwerera chammbuyo, manyazi atandigwira.

Ama NyaManda anandipeza pa matumba anga ouma aja. Anakhala pansi, manja akadali onyowa.

“Mwaona, Ada? Kuno mwana wamkazi saona thupi la bambo ake. Koma amuna onse a pakhomo pano ali ku Joni, amayi anamwalira. Tsiku lililonse losamba sadya, amangokankha mbale. Afika Khirisimasi amenewa?”

Ndinalowa m'nyumba kukalankhula ndi mwini wake, Ada Manda, zimene ndinayenera kuchita tsiku loyamba. Mawu awo ankatuluka movutikira, koma ndinamva. Anati matailosi anawaona kuchipatala, amaterera ngati mlamba, sangapondepo ndi mwendo umodzi. Ankangofuna pokhala, pogwira, ndi chitseko choti atseke okha.

Ama NyaManda anaimbanso foni. Sanakuwe. Anangoti, “Achimwene, matailosi sasambitsa munthu. Amene ndikusambitsa Ada ndine,” n'kudula.

Ndalama za matailosi zinapita ku simenti. Ulendo uno thumba lililonse ndinalikulunga palokha m'pulasitiki n'kumanga ndi mphira, ndipo tinadikira tsiku lopanda mwera. Boti lachiwiri ndi osenza katundu zinadya malipiro anga, poti kunalibenso kwina kotapa. Pansi ndinasalaza ndi thabwa, osati chitsulo, kuti pakhale pokhakhala, phazi lizigwira. Ndinamanga benchi la njerwa lofanana msinkhu ndi mpando wawo, kumanzere kwake pokhazika ndowa, chifukwa ndi dzanja limene linkagwira. Paipi yachitsulo ndinaizika m'khoma kuchokera pakhomo mpaka pabenchi. Matumba ouma aja ndinawaswa n'kuthira m'sokawe. Chotsekera ndinaika chamtengo, chongokankha ndi chigongono. Msana unandipweteka ntchito yonseyo, ndipo kondowole sanandizolowere mpaka ndinachoka.

Simenti atauma, Ama NyaManda anaika ndowa ya madzi ofunda m'bafamo n'kutuluka. Ada Manda anayenda okha, akukoka mwendo, dzanja lili pa paipi. Tinamva chitseko chikutsekeka. Kenako madzi anayamba kuyenda m'paipi kupita ku sokawe. Mayi uja anakhala pakhonde akumvetsera, misozi ikutsika, osaipukuta. Atatuluka mkuluyo anandithokoza ndi mawu amodzi, “Yewo,” n'kufunsa mwana wawo ngati ndiwo zapsa.

Wa ku Joni sanandiimbire n'komwe. Ndinamva kuti chithunzi atachiona anati ine si mmisiri, ndi wokanda matope. Ndinabwerera ku Chintheche ndi ndalama zongokwana lendi, ndi kathumba ka usipa wouma.

Mpaka lero ndikukonzabe mabafa m'mbali mwa nyanja muno, ndipo mawondo anatha kale. Ndikamawerengera ntchito, gawo la nyanja ndimaliikiratu, kasitomala adandaule asadandaule. Koma ndisanatulutse tepi, ndisanatchule mtengo wa thumba ngakhale limodzi, ndimayamba ndafunsa kuti adzasambe muno ndani, ndipo pakali pano akumusambitsa ndani.