Ngodya ya Mapu a Ba Mwanza

Linali Lachitatu, 1 koloko masana, nyengo ya bowa, pamene azimayi a ku Nangongwe anabwerera kuchokera kumapiri popanda amayi anga. Anati anasiyana nawo pa kamtsinje kotsikira kuchigwa chakuya cha Kafue, ndipo anaitana mpaka mawu kuwathera.

Tonse tinathamangira kwa Ba Mwanza, aneba athu okalamba, amene paunyamata ankanyamulira katundu anthu oyeza malo. M'nyumba mwawo munkanunkha fodya ndi parafini, ndipo pansi pa bedi ankasunga mapu aakulu a mapiriwo, odzaza ndi timizere tofiirira tokhotakhota. Anawayala pamphasa mabingu akugunda kutali, chala chawo chikutsata kamtsinjeko pang'onopang'ono, mpaka chinafika pamene pepala linathera. Ngodya yonse panalibe.

"Nindani anang'amba apa?"

Ine ndinkadziwa. Mlungu wapitawo aphunzitsi ankakwapula aliyense wa buku losakutira, ndipo nditatumidwa kukasesa kwa Ba Mwanza, ndinaona pepala lolimba bwino n'kung'ambako kuti ndikutire buku langa la masamu. Ndinali mwana wosatha kuyankha ngakhale moni.

"Tiyeni chabe, mvula ibwela," anatero atate, akufuna kungotsikira kuchigwako popanda mapu. "Tizaselukila paliponse."

"Paliponse? Mufuna tikanyamule anthu awili?" anayankha Ba Mwanza.

Ndinapita kunyumba, ndinatenga buku la masamu lija, n'kudzaliika pamphasa osayang'ana munthu. Atate anakweza dzanja.

"Bashi Tisa, muzamumenya mailo," anatero Ba Mwanza, kuuza atate a ine Tisa kuti adikire mpaka mawa. "Manje onani kuno."

Anamasula chikutocho mosamala n'kuchilumikiza ndi mapu. "Mizele ikapanikizana so, ni chiphompho, mbuzi yeka ndiye ingapite. Apa yatalikilana, ndiye poyenda munthu. Ngati anatsata madzi, ali apa, pokumana mitsinje iwili."

Amuna anakwera lole ya mchenga, ine ndinatsala pakhomo ndikuyang'ana mitambo. Anawapeza amayi pomwepo chakumadzulo, phazi litatupa, bowa akadali m'chitenje.

Lero ndili ndi mwana wanga kumbuyo, ndipo manyazi sanandichoke. Koma kuchipatala kapena kulikonse, chikakhala chinthu choti ndinene, ndimanena ndithu.

Amayi atapezeka tsiku lija, m'mawa mwake ndinaphika kaphala ka ufa, ndinapita nako kwa Ba Mwanza. Iwo anagwira pepala, ine ndikupaka ndi chala, mpaka ngodya inabwerera pamalo pake. Dzina langa, lolembedwa ndi bolopeni, linatsalira pamwamba pa phiri lina.