Nkhani zimene mlongo wanga anasiya pamzere

Pulogalamu ija tinkaipanga awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono. Inali yokumbutsa amayi a ana tsiku la sikelo kudzera pa foni. Ine ndinali wa khodi, malamulo olembedwa amene kompyuta imatsatira, iye wa mawu. Ankalemba pa bulogu yathu, malo athu oikapo nkhani pa intaneti, zimene tasintha, koma tsamba la malangizo, limene munthu amayamba kuona akaipeza pulogalamuyo pa intaneti, linkatsalira m'mbuyo. Iye kundilalatira, ine n'kumangoti mawa. Nditatopa ndi pakamwa pake, ndinalemba kakhodi koti m'mawa uliwonse kazisuzumira pa bulogu, kakapeza nkhani yatsopano kaziiika kokha pa tsambalo.

"Achimwene, ulesi wanu wabala mwana," anatero.

Kwathu netiweki ndi ya pachulu, nayonso imabwera ikafuna. Ndiye iye ankakwera kabaza kupita ku Namadzi, n'kukatumiza nkhani zambiri tsiku limodzi, atazitchera kuti zizituluka imodzi imodzi Lachiwiri lililonse.

Anadwala nthawi yokolola nyemba, ndipo sanachedwe kutisiya. Lachiwiri lotsatira maliro foni inalira: tsamba lasintha, nkhani yatsopano, dzina lake pansi. Ndinapsa mtima. Ndinafuna kuzimitsa kakhodiko pompo, koma amayi anali atandiona kale nkhope. Ndinawafotokozera.

"Tawerenga," anatero.

Inali nkhani ya mmene ungasinthire uthenga kuti uzipita m'Chilomwe. Amayi sanatolepo kanthu, koma nditafika pamene analemba kuti musachite ulesi ngati achimwene anga, anaseka mpaka kutsokomola.

Amalume atabwera kuti tigawe zovala za malemu monga timachitira, amayi anawabweza. "Munthu akuyankhulabe, zovala zake mugawa bwanji?" Amalume anandiyang'ana ngati ndine mfiti. Anabweranso, anabwezedwanso. Nawo anthu akutali ankamufunsabe mlongo wanga mafunso pansi pa nkhanizo, ine n'kumayankha m'malo mwake. Kunena zoona ndinatopa nazo, thupi ndi mtima womwe. Ndinkaona mzere wa nkhani zimene anatchera zija ukutha, ndipo sindinkadziwa kuti amayi ndidzawauza chiyani. Maganizo oti ndizilemba ndekha m'dzina lake anandifikira ndithu, koma mawu a mwana wawo amayi sakanawasokoneza ndi anga.

Lachiwiri lina kakhodi kanasuzumira, sikanapeze kanthu. Amayi anali atakhala kale pakhonde, khasu atalitsamiritsa kukhoma.

"Lero wati chiyani?"

"Amayi, zatha. Zimene analemba zinali zomwezo."

Anayang'ana kudimba. Kenako anamasula kiyi wa sutikesi ya malemu pa mfundo ya chitenje chawo n'kundipatsira.

"Kaitane amalume ako."

Zovala zinagawidwa sabata yomweyo. Kakhodi kaja sindinakazimitse, ndipo m'mawa uliwonse kamakasuzumirabe.