Dothi la Filimoni Pamanda a Amayi Ake

Aliyense amene chubu cha njinga chinamuphulikirapo pa boma la Chadiza akumudziwa Filimoni. Amakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, masipanala ali mbwee. Poliyo inamupha miyendo ali ndi zaka zinayi. Amayi ake, a Lefina, ndiwo ankamubereka popita kusukulu ku Zemba mpaka msana wawo unakana. Masiku ano amayenda pa njinga ya mawilo atatu yopalasa ndi manja, yowotcherera yekha.

A Lefina atamwalira, Filimoni anapalasa mpaka kumudzi. Sanalire. Anangokhala panja pa siwa, maso ali gwa.

Ponyamula maliro, amalume ake a Dominiko anamuweramira.

"Mphwanga, kanjira ka kumanda n'kothina, zitsa zokhazokha. Njinga yakoyi sidutsa. Tsala ndi nkhalambazi, dothi tikakuponyera ndife."

Nzeru za anthu a miyendo zimenezo! Masiku awiri athunthu akuthamangira nkhuni, bokosi, kwaya, koma woti akumbuke kulambula kanjira kuti mwana wa malemu adutse, panalibe ndi mmodzi yemwe.

"Chabwino, amalume," anatero Filimoni.

Anthu atapita anapalasa mpaka pamene nkhalango ya manda imayambira. Anatsika, navala mapatapata kumanja, nayamba kukwawa. Anamva a katekisiti akumaliza pemphero. Kenako makasu. Sanafulumire, sanaimenso.

Anamuona ndi a Bonifasi, mkulu wa adzukulu okumba manda.

"Imikani makasuwo! Mwana wa malemu ali m'tchire umo, inu mukuthamangira chiyani? Nyemba sizithawa, agalu inu!"

"Timunyamule," anatero a Dominiko, maso ali pansi.

"Ndifika ndekha, amalume."

Anamudikira. Kwaya inatha nyimbo n'kubwereza yomweyo. Amayi ena anakhala pansi pa udzu. Palibe amene ankadziwa koyang'ana.

Pamene amafika, dzenje linali litafika kale pakati, bokosi silikuonekanso. Anavula patapata, natapa dothi, naponya. Linagwera pa dothi linzake, osamveka n'komwe. Anayang'ana chikhatho chake: munga unali utaboola patapata n'kulowa mkati, magazi atasakanikirana ndi fumbi. Sizinkapweteka.

A Bonifasi anagwada pambali pake. "Tidikirebe, achimwene?"

Filimoni anapukuta dzanja pa malaya.

"Kwirirani," anatero.