Atate sanatsike m'galimoto

Nkhaniyi ndaisunga zaka khumi ndi ziwiri, ndipo inu amene mumandidziwa pamsika wa Mtendere mukudziwa kuti kulongolola ndimalongolola ndithu, koma bodza ayi. Mukafuna nenani kuti mayi uja mutu unamuzungulira ndi dzuwa la kunyanja, ena ananena kale, koma zimene ndikuuzenizi ndinaziona ndi maso angawa masanasana, m'mimba mulibe ngakhale dontho la mowa.

Atate anga anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina konkuno ku Mtendere. Sanali a kuno. Anathawa nkhondo ku Mozambique ali mnyamata, kuchokera kumudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja yamchere kumwera kwa Beira, n'kudzakwatira amayi anga a ku Katete, ndipo moyo wawo wonse nkhani inali imodzi yomweyo, yoti tsiku lina adzakapondanso kwawo. Amuna anga ndi owotcherera zitsulo, amapanga mageti ndi mawindo. Tsiku lina anakonza chitseko cha galimoto ya azungu ena oyendayenda, ija yokhala ndi bedi ndi khitchini m'kati, ndiye mtima wawo unatsala momwemo. Anagula minibasi yakale yomwe inatopa ndi njira ya kutauni, anazula mipando yakumbuyo, n'kuwotcherera bedi, kashelufu ka mapoto, poika sitovu ya gasi ndi mgolo wa madzi. Komboni yonse inatiseka, ati onani anthu alephera nyumba ya njerwa, ayamba ya matayala. Atate okha sanaseke. Anasoka makatani a mawindo onse, ndipo ife tinawalonjeza kuti ulendo woyamba ndi wawo, tikawaperekeze akaone kwawo.

Anamwalira kutatsala miyezi iwiri kuti tinyamuke. Bokosi lawo linapita kumanda pa galimoto yomweyo, nanga tikanabwereka ina yathu ili pakhomo? Ine ndinakhala kumbuyo, dzanja lili pa bokosi, ndipo m'kulira muja ndinawauza kuti asadandaule, galimoto aikwera ndipo kunyanja tikawafikitsa basi. Ndani salankhula zotero pamaliro? Titafika kumanda, mkulu wina amene anathawa nkhondo limodzi ndi atate anandikokera pambali. Anati kwawo anthu akanyamula maliro amawauza malemu dzina la mtsinje uliwonse umene akuwoloka, ndipo akafika, mwana wamkulu, monga ineyo, amaima pachitseko n'kuwauza kuti afika, atsike, apo ayi thupi limatsika koma mwini wake amatsala m'kati. Apo n'kuti ine nditangoyambana ndi achibale a amayi pa za amene alankhule pamanda, mutu ukuwira. Ndinawayankha mkulu aja mwachipongwe kuti akufa samva, akanakhala kuti amamva bwenzi atadzuka kalekale ndi kulira kwanga. Iwo anangondiyang'ana n'kubwerera kwa anzawo.

Ulendo tinanyamukabe, anthu atatu: ine, amuna anga ndi mwana wathu wamkazi, amene nthawi imeneyo anali wa zaka zisanu, yekhayo amene Mulungu anatipatsa. Tinati tikaone nyanja ndiponso tikafufuze ngati kuli abale otsala, tikawauze za maliro. Ndikuuzeni zoona, masiku oyambawo ndi amene ndinasangalala kwambiri m'banja langa lonse. Panalibe wotithamangitsa. Tikaona mthunzi wabwino tinkaima, ine n'kuyatsa gasi kuphika tiyi, amuna anga n'kugona chagada pa bedi miyendo ili panja, zochapa titayanika padenga la galimoto. Ine amene ndinazolowera kudzuka tambala woyamba kukapikula tomato, ndinkagona mpaka dzuwa kundiwotcha kumaso.

Chinthu chimodzi chokha chinkawasautsa amuna anga. Galimoto inkapendekera kumanzere chakumbuyo, ngati pakhala munthu wamkulu. Anasuntha mgolo wa madzi, anasuntha thumba la mpunga, analowa pansi kuyang'ana masipuling'i, koma ayi ndithu. Mwana nayenso sankalola kuti tiike chilichonse pakona imeneyo ya bedi, ndipo akapatsidwa bisiketi ankanyema pakati, theka n'kuika pamenepo. Ndinamukalipira kuti akuitana nyerere.

Titatsala pang'ono kukwera mlatho wa Luangwa, injini inangozima yokha. Amuna anga anayesa kuliza, zii. Ali m'kati mogwiragwira mawaya, mwana anandikoka chitenje n'kunena kuti agogo akufunsa kuti mtsinje uwu ndi uti. Ine osaganiza n'komwe ndinayankha kuti ndi Luangwa, ndipo nthawi yomweyo galimoto inalira. Tinaseka, tinati waya unamasuka. Koma zitachitikanso pa mlatho wa Zambezi ku Tete, funso lomwelo, yankho langa, injini n'kulira, kuseka kunandithera. Mawu a mkulu uja kumanda anandibwerera onse. Mukuganiza kuti ndinawauza amuna anga? Ayi, chifukwa kuvomera kuti ndinalakwa kumandivuta chibadwire, ndiponso ndinadziwa kuti iwo, monga munthu wa tchalitchi, akanangoti tipemphere n'kubwerera ku Lusaka nyanja tisanaione. Kuyambira pamenepo mtsinje uliwonse ndinkautchula chapansipansi ndikawerenga chikwangwani, ngati ndikudzilankhulira ndekha, ndipo galimoto sinazimenso.

Titayandikira kunyanja tinaima pamsika wina waung'ono kugula kokonati ndi nsomba. Mayi wina wachikulire wogulitsa anabwera pawindo lakumbuyo kumanzere, anapinda mawondo n'kupereka moni m'chilankhulo cha kwawo kwa atate. Ine chilankhulocho sindichidziwa, koma moni wake ndinkaumva kunyumba. Anadikira, anagwedeza mutu ngati wayankhidwa, anasekako pang'ono, kenaka n'kuwonjezera kokonati imodzi pa zitatu zimene tinagula. Pawindo pamenepo panalibe munthu, mwana anali pamiyendo panga kutsogolo.

Tsono apa ndi pamene umbuli wathu wa anthu a kumtunda unatipweteka. Ife madzi amene timawadziwa ndi a m'mitsinje ndi aja amadzaza m'nyumba ku Kanyama mvula ikagwa. Zoti nyanja imachoka n'kubweranso kawiri pa tsiku, atate ankanena, koma ine ndinkaziyesa nkhani za munthu wosowa kwawo. Tinafika m'mawa nyanja itapita kutali, ikungooneka ngati kamzere, patsogolo pathu pali mchenga wosalala wolimba ngati msewu wa phula. Amuna anga anakondwa ngati mwana, anatsitsira galimoto pamchengapo n'kumayendetsa chakunyanja kuti tikagone madzi tikuwaona pakhomo. Asodzi ena anali kumtunda akusoka maukonde, anaimirira n'kumatikupizira manja mwamphamvu. Ife tinawakupiziranso, tikuti anthu a kuno ndi ansangala bwanji. Titayenda kamtunda ndithu, injini inazima yokha, popanda mlatho, popanda funso. Amuna anga anati palibe kanthu, malo ake ndi okongola, aikonza akabwerako, ndipo ananyamuka wapansi kupita kumidzi kukafunsa za abale a atate.

Ine ndinaphika mpunga wa kokonati, tinadya ndi mwana, kenaka kutentha kuja kunatigonetsa. Chitseko chachikulu chokoka cha m'mbali ndinachitseka chifukwa cha mchenga wouluka. Chimene chinandidzutsa ndi phokoso la madzi akumenya pansi pa galimoto. Nditakankha katani, ndinangoona kumanja madzi, kumanzere madzi, kumbuyo kumene tinachokera madzi, matayala osaoneka. Ndinathamangira chitseko chokoka, chinakana. Ndinadumphira kutsogolo, zitseko zonse ziwiri gwa, pomwe palibe amene anakhoma. Mawindo akumbuyo amuna anga anawaika zitsulo kuopa akuba, ntchito yawo ndi yomweyo nanga. Akutsogolo anali amagetsi, ndipo kiyi nditapotoza sipanayake ngakhale kanyali.

Nditacheuka ndinaona mwana wanga atakhala pakona ija, ali phee, osalira, dzanja lake lamanzere lili m'mwamba pang'ono monga amachitira mwana akagwidwa ndi munthu wamkulu powoloka msewu. Ndinamukoka, thupi linabwera koma dzanja linatsalira pomwepo m'malere, lozizira ngati latuluka m'firiji. Anandiuza mofatsa kuti ndisakoke, agogo akuti tafika, akungodikira kuti wina awauze zotsika, ndipo akuti iye apita nawo chifukwa kunja kulibe amene wabwera kudzawalandira.

Madzi anali atayamba kulowa pansi pa chitseko, akunyowetsa mapazi anga. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinagwada n'kupemphera, koma ayi, ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinawakalipira atate anga ngati ndikukalipira munthu wondibera pamsika. Ndinawauza kuti ndawasamala zaka zonse za matenda awo, ndawasambitsa, ndawatchulira mitsinje yonse, kwawo ndawafikitsa, ndiye malipiro ake akhale mwana wanga mmodzi yekhayu? Palibe chinasintha. Madzi anafika m'mawondo, mapoto anayamba kuyandama, galimoto ikugwedezeka funde likamenya. Mwana anati agogo akulira, akuti malo sakuwazindikira, akuopa kuyenda okha.

Apo mkwiyo unandithera, ndinangotsala ndi mantha ndi chisoni. Ndinaima pachitseko chotsekacho monga anandiuzira mkulu uja, ndinawatchula atate dzina lawo lenileni la kwawo, limene sindinalitchulepo chibadwire, n'kuwapepesa kuti ndinachedwa. Ndinawauza kuti afika, pano ndi kwawo, atsike. Ndinati ngati akuopa kupita chimanjamanja atenge galimoto yonseyi, ndi yawo, makatani anasoka okha, koma mwanayu andisiyire, sanakule, nsapato sadziwa kumanga. Ndinabwereza katatu kapena kanayi, sindikumbuka. Kenaka dzanja la mwana linagwa pamwendo pake, chitseko chinatseguka chokha pang'onopang'ono mpaka kumapeto, ndipo ndinamva ndi mapazi anga galimoto ikukwera kumanzere, monga imachitira minibasi munthu wonenepa akatsika.

Ndinabereka mwana kumsana, chitenje n'kumanga mfundo ziwiri, n'kulowa m'madzi ofika pachifuwa, ine wosadziwa kusambira. Asodzi aja anali atatulutsa kale bwato, amuna anga ali momwemo akukuwa dzina langa mawu atasasa, ndipo anatikweza ngati matumba. Tili kumtunda tinaonerera galimoto yathu ikumira mpaka denga. M'mawa mwake nyanja itachoka tinaipeza itagona chammbali, theka lili mumchenga, koma ine ndinawaletsa amuna anga kuchotsamo ngakhale supuni; mwamwayi kachikwama ka mapepala athu a ulendo iwo anali nako kale m'thumba.

Msodzi wina wachikulire amene ankamvako Chinyanja ndiye anatimasulira. Anati mudzi umene amuna anga ankafunsa kulibenso, nyanja inaudya pang'onopang'ono anthu n'kumwazikana, ndipo nyumba zake ndi manda ake zinali pamalo pomwe galimoto inazimira paja. Anatifunsa kuti anatilozera ndani malowo. Amuna anga anandiyang'ana, ndipo pomwepo ndinaulula zonse, kuyambira kumanda. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Tinabwerera ku Lusaka pa mabasi, masiku atatu, tikungolankhulana zofunika zokha.

Tili m'basi yoyamba, mwana anagwada pampando n'kumayang'ana kumbuyo mpaka nyanja itabisika. Atakhala pansi anandiuza, mosangalala ngati akunena za maswiti, kuti agogo anamusiya chifukwa amayi analira, koma anati palibe vuto, adzamudikira akule, adzabwera yekha.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti atate sanali munthu woipa, ndipo sanasanduke woipa atamwalira. Anali nkhalamba yamantha imene inafika kwawo n'kupeza kulibe aliyense, ndipo wolakwa ndine, amene ndinawaitana kukwera n'kukana kuwatsitsa. Inu amene mumanyamula maliro pa magalimoto anu, kaya ndinu a tchalitchi kaya a kumzikiti, samalani zimene mukulonjeza muli pambali pa bokosi, ndipo mukafika auzeni atsike. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Mwana uja pano ndi namwali, watsiriza sukulu, ndipo za tsiku lija akuti sakumbuka kanthu. Koma chaka chino wayamba kunena kuti akufuna ntchito ya m'mahotela a kunyanja, akuti amalota madzi ndipo akadzuka mtima umamuwawa ngati wasiya munthu panjira. Kawiri konse wapita kukafunsa za pasipoti, ndipo kalata yake yobadwira ndinaibisa kwa mng'ono wanga ku Chawama, mwanayo akuganiza kuti inatayika. Ndiye anansi anga, inu oyendetsa malole a ku Beira makamaka, akadzakupezani n'kukupemphani kuti mumutengeko, muuzeni kuti malo adzaza, kenaka mubwere mudzandiuze.