Chikwama cha Ovololo ya Bambo

"Aneba, kodi Lachitatu muli ndi ulendo?" anandifunsa mayi wa nyumba yoyandikana nafe ku Redcliff, atatsamira waya wa mpanda, ine ndikuyanika matewera.

Anati ku Gweru kwabwera alendo ochokera dziko lakutali, pamodzi ndi anthu a boma, kudzaphunzitsa amisiri kulembetsa luso lawo kuti wina asawabere. Aliyense apite ndi chinthu chopanga yekha.

Chinthu ndinali nacho. Fakitale ya zitsulo imene ankagwirako ntchito itaima, bambo anga anatsala ndi maovololo m'sutikesi. Ndinadula imodzi n'kusoka chikwama cha sukulu, mizere yowala ya pa ovololoyo ndinaiika pa zingwe zoberekera kuti oyendetsa makombi, maminibasi akuno, azimuona mwana m'mawa wa nkhungu. Amayi a kutchalitchi anayamba kundibweretsera maovololo a amuna awo.

Koma Lachitatulo linali la sikelo, khanda langa likukabayitsa katemera.

"Tengani chikwamachi mukawaonetse," ndinatero. "Mukandimvereko."

"Zvakanaka, shamwari, chabwino mnzanga. Inu ndi Chingerezi chanu cha giredi seveni mukanangokawodzera pampando." Tinaseka tonse.

Kwathu munthu akapempha kuti umuonetse kasokedwe sumukaniza, ndipo iyeyu ndinamuphunzitsa ndekha pakhonde panga. Sindinkadziwa kuti pepala la alendowo limafuna dzina la amene waima pamaso pawo.

Anabwerako ndi satifiketi. "Ndinakutchulani, aneba, Mulungu mboni. Koma fomuyo inali ndi mzere umodzi wokha."

Patapita miyezi alendowo anamukweza ndege kukaona kwawo. Anabwerako ndi makina osokera amagetsi komanso kambendera ka dzikolo pakolala. Masiku ano kumsonkhano wa amayi amaimirira n'kunena kuti, "Anzathu akunja aja ndiwo amadziwa kulemekeza mmisiri," amayi n'kuomba m'manja. Ngakhale akuluakulu a tauni amawatchula alendowo ngati abale awo. Nsalu amaitanitsa komweko, akuti maovololo akale amanunkha girisi. Pa chikwama chilichonse pali dzina lake ndi kambendera kaja.

Ndisaname, makina akewo akamalira mtima wanga umawawa. Ndimangopezeka ndatsegula katani pang'ono kuti ndione galimoto imene yaima pageti pake, phala la mwana likupserera. Bambo a kunyumba amati ndileze mtima monga ndimachitira. Kuleza ndimaleza, koma nsanje siimva.

Tsiku lina ndinanyamula zikwama zanga kupita nazo kusitolo ya mayunifomu ku Kwekwe. Mwini sitolo anazitembenuza, nakoka zingwe.

"Mayi, kusoka mumatha. Koma kapangidwe aka n'kolembetsedwa, kali ndi mwini wake. Ine milandu sindifuna."

Ndinabwerera nazo pakombi, mwana kumsana. Ndinataya kapangidwe kanga, sitolo ya ku Kwekwe, ulendo wa pandege umene ukanakhala wanga, ndi mnzanga amene ankandigwirira mwana ndikamapita kotunga madzi.