Tsiku la Kanema Tinali Kumjigo

Ndikukumbukira ndili sitandade 5 kwathu ku Nkhulambe, kusukulu kunabwera alendo pagalimoto atanyamula jenereta ndi chinsalu choyera. Anati abweretsa kanema wa nyimbo, wonena za mtsikana amene makolo ake ankamuletsa sukulu. Ine kanema ndinali ndisanaonerepo. M'mawa umenewo ndinasamba mpaka kukwecha zidendene ndi mwala.

Mawindo anawatchinga ndi mabulangete kuti m'kalasi muchite mdima. Titangokhala pansi, aphunzitsi athu a Namakhwa analowa n'kuwomba m'manja.

"Atsikana akuluakulu, tulukani. Alendowa adya chiyani? Ndowa zili kunyumba kwanga uko."

Tinatuluka. Ena anapita kunkhuni, ena kokonza ndiwo, ine ndi mnzanga Esinati kumjigo. Pobwerera, ndowa ili pamutu, madzi akutsikira m'khosi, ndinkamva mawu a mtsikana akuimba mokoma m'katimo, ng'oma zikugunda, anyamata akukuwa. Nditasuzumira pampata wa bulangete ndinangoona mitu ya anyamata basi. Mmene tinkamaliza kutsuka mbale, jenereta inali itazima kale.

Mawa lake a Namakhwa anafunsa zimene taphunzira m'kanemayo, n'kuloza ine. Ndinaimirira. Fulaye, mnyamata amene ankakonda kutikoka madiresi, anakweza mkono.

"Mtsikana ndi mnyamata n'chimodzimodzi, aphunzitsi!"

Anamuombera m'manja kalasi yonse.

"Mwamumva mnzanuyo?" anatero a Namakhwa. "Nanga inu atsikana mitu yanu imagwira ntchito yanji?"

"Ife tinali kumjigo, aphunzitsi," ndinatero.

"Mwano! Kagwade panja."

Ndinagwada pamiyala dzuwa likuotcha, m'kalasi anyamata akuimba nyimbo ya ufulu wa mtsikana imene ine sindinkaidziwa n'komwe. Sindinalire, koma mtima unandiwawa, ndipo mpaka lero ukundiwawabe.

Sukulu ndinalekezera sitandade 7. Panopa ndimadziwa kuti mtsikana samuchotsa sukulu tsiku limodzi ayi. Amamuchotsa pang'onopang'ono, ndi kam'tume apa, kam'tume apo, ndipo otumawo ndi omwewo oimba za ufulu wake.

Anthu amati ndine wofatsa, ndipo n'zoona. Koma mwezi watha nditamva kuti mwana wanga wamkazi Tadala akumalera khanda la aphunzitsi ake pamene anzake ali m'kalasi, ndinasiya khasu m'munda. Ndinakam'masula khandalo kumsana, n'kulipereka kwa mayi ake ndi manja awiri, mwaulemu ndithu. Kenako ndinam'gwira dzanja Tadala n'kukam'khazika kutsogolo, pafupi ndi bolodi.