Asilikali anga ali kumbuyo kwa njinga ya malume

Lachiwiri lapitali ndinalandira kaphukusi kochokera ku Joni. Anatumiza ndi achimwene anga a Lameki, amene amasamalira maluwa pa nyumba ina kumeneko. Kanakwera thiraki mpaka pa Mponela, kenako kanadutsa m'manja mwa anthu atatu kuti kandipeze pa Boma. Nditatsegula ndinakuwa mpaka abwana anga, Mayi Nangozo, anagwetsa sitepula.

Kwa inu amene simundidziwa, ndimataipa makalata pa kashopu ka mayiwa pano pa Dowa: ofunsira ntchito, a kumpingo, odandaula ku khonsolo. Sukulu ndinalekeza fomu wanu nditakangana ndi mphunzitsi wa masamu, ndipo mpaka lero ndimati wolakwa anali iyeyo. Koma kompyuta sifunsa satifiketi.

M'kompyutamo muli masewera a nkhondo amene achimwene omwewo anandibweretsera pa Khirisimasi ina. Umayamba ndi antchito asanu pa tchire. Ena uwatume kudula mitengo, ena kukumba golide. Umange linga, uphunzitse a mauta, a mahatchi ndi amatsenga oponya moto. Mdani naye akumanga zake kuseri kwa phiri, ndipo sadikira kuti usewere kaye ngati pa bawo. Ukangoyang'ana kumbali kuti uyankhe moni, upeza zimphona zake zikugumula nkhokwe zako. Ndimasewera pa nthawi ya nkhomaliro basi, ndilo pangano langa ndi abwana. Nkhondo zonse za mmenemo ndinazimaliza katatu, mpaka ndinaloweza pamene mdani aliyense amabisala.

Ndiye m'kaphukusi muja munali chimbale chowonjezera pa masewera omwewo. Nkhondo zatsopano, dziko la madzi oundana, mtundu wina wa ankhondo, ndi chinjoka chamapiko chimene anachijambula pa bokosi chitayasama ngati chimeza Dowa yense.

Nkhomaliro itakwana ndinachilowetsa. Kompyuta inabuula. Kamzere kabuluu kanayamba kudzaza. Katatsala pang'ono kufika kumapeto, kanaima. Panatuluka uthenga woti ndiike chimbale choyamba.

Choyamba chiti? Masewerawo si ali kale m'makinamo? Ndinayesanso. Ndinazimitsa, ndinayatsa, ndinapukuta chimbalecho pa malaya. Uthenga womwewo. Kenako ndinatembenuza bokosi. Pansi penipeni, m'timalemba tonga nyerere, m'Chingerezi cha maloya, analemba kuti chimbale ichi pachokha sichigwira ntchito.

Inu azibambo amene mumapanga zinthu zimenezi, kulikonse kumene muli, chinjoka mwajambula chachikulu ngati chikhatho. Mawu ofunika kwambiri mwawabisa pansi ngati ngongole ya mowa. Mumaganiza kuti tonse tili ndi sitolo kuseri kwa nyumba? Mumadziwa kuti kuno ukanena za chimbale cha masewera, ngakhale ku Lilongwe amakuloza kwa ogulitsa makaseti a kwaya? Achimwene anga anaona chinjoka, anakumbuka mng'ono wawo, anagula. Alakwa chiyani?

Ndinayamba kukhuthula madirowa. Mayi Nangozo anandipeza ndili pakati pa mapepala.

"Iwe, makalata a anthu awa. Wataya chiyani?"

"Chimbale, mayi. Chozungulira, chowala."

"Kagalasi kaja? Si kaja anatenga malume ako atabwera kudzataipitsa kalata ya fodya?"

Ine ndinangomva mawu amodzi: anatenga. Lachitatu m'mawa ndinapempha chilolezo n'kukwera matola a ku Chezi kwa malume, bokosi latsopano lili m'thumba la jekete.

Malume anga, mlongo wa mayi, ndinawapeza pa khonde la golosale akuonerera bawo ndi azibambo anzawo. Njinga yawo inali itatsamira pa chipilala. Njinga imeneyo amaikonda kuposa ena a ife. Kumbuyo kwake, pansi pa kaliyala, chimbale changa chinkanyezimira ndi dzuwa. Anachiboola mabowo awiri ndi msomali wamoto n'kuchimangirira ndi waya. Fumbi la msewu linali litachikanda ngati mbale yotsukidwa ndi mchenga.

"Malume, ichi n'chiyani?"

"Moni kaye, mphwanga. Kapena pa Boma moni anatha ndi matipate?"

"Mwaboola chimbale changa!"

"Ichi? Ili ndi galasi langa. Galimoto ikandiwunika kumbuyo, dalaivala amachepetsa liwiro, amayesa kutsogoloku kuli nduna."

Ndinatulutsa bokosi lija n'kuliimika m'mwamba. "Ichi chachokera ku Joni, sichingagwire ntchito popanda icho! Muli asilikali anga mmenemo!"

Bambo wina wa chipewa cha mlaza anasiya njere m'manja. "Asilikali angati, mwana wanga? N'chifukwa chake malume akowa amatsika njinga pa chitunda chilichonse. Amakoka gulu lonse la nkhondo."

Khonde lonse linafa nako kuseka. Ine ndikasekedwa mutu umatentha, mumandidziwa. Pakamwa panatseguka pokha.

"Munthu wamkulu ngati inu, kumaba zinthu za ana!"

Bawo inaima. Ngakhale wailesi ya m'golosale inakhala ngati yatsitsa mawu. Malume anadzuka pang'onopang'ono, anasasa fumbi pa buluku, ndipo sanakweze mawu n'komwe.

"Unandipatsa wekha. Unali utakhazikapo kapu ya tiyi. Ndinafunsa ngati kagalasika kali ndi ntchito. Iwe maso ali pa kompyuta unati tengani malume, za mmenemo zinalowa kale m'makina."

Abale anga, ndinakumbuka. Ndi kapu yomwe ndinaikumbuka, inali yobiriwira.

Malume anagwira chiwongolero cha njinga. "Loweruka la sabata yamawa ukapeze wakuba mnzanga akakuyankhulire kwa makolo a Esinati. Ine sindingapite kukachititsa manyazi banja la eni."

Esinati ndi chibwenzi changa cha ku Ntchisi. Loweruka limenelo ndi chinkhoswe chathu. Makolo ake anakonola kale chimanga, anaitana kale abale a ku Kasungu. Ndipo inu mukudziwa kuti kwathu kuno mnyamata salowa pa khomo la eni n'kunena kuti ndabwera ndekha kudzatenga mwana wanu. Amakufunsa kuti ankhoswe ako ali kuti, mwini mbumba ali kuti. Bambo a Esinati ndi mkulu wa mpingo, sangalandire mnzanga wa pa bawo atavala tayi.

Pobwerera pa matola ndinkatukwanabe mumtima, ndipo sindinasiye. Chifukwa khalidwe logawira anthu chowonjezera popanda chenichenicho silili pa masewera pokha. Chiyambire matipate tazionera. Pa sukulu ya pulayimale kwathu, chisankho chitayandikira, kunabwera malata. Tinavina, amayi anayala zitenje. Makoma ake ali kuti? Malatawo ali m'chipinda cha ahedi, ana ali pansi pa mkuyu. Anyamata a mpira analandira majezi owala, koma akumenyabe chikulunga cha mapepala. Mudzi wina kuseri kwa phiri anaupatsa chogwirira mjigo, chitsime chake sanakumbe, ndipo pano ana amachita nacho katungwe. Wopereka amajambulitsa chithunzi atagwira chinjoka chake n'kukwera galimoto. Timalemba ta pansi tija timatiwerenga iye ali kale ku Lilongwe.

Ndinkafuna nkhani ya sabata ino ithere pomwepa, ine ndili wolakwiridwa. Zakanika.

Chimbale choyamba chija palibe anandilanda. Nditaona kuti masewera akuyenda okha, ndinachisandutsa chokhazikapo kapu. Si mmene tikuchitira ambirife? Tikangodziwa kuyatsa kompyuta, tikangolawa tchipisi cha pa Boma, timati za kumudzi zinalowa kale m'makina. Malume akabwera timawayankha tili chagada pa mpando. Timati ano ndi masiku a ufulu, aliyense ayankhule zakukhosi. Eya, ndinayankhula zakukhosi. Ufuluwo ukandiyankhulira kwa apongozi?

Lachinayi Esinati anatsika minibasi pa Boma. Nkhani inali itamupeza kale, chifukwa kuno mbiri imakwera phiri mofulumira kuposa galimoto. Analowa mu shopu, anapereka moni kwa Mayi Nangozo mogwada bwinobwino, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndamva muli ndi asilikali."

"Esinati, imva kaye, nkhani yake ndi yakuti..."

"Ayi, ndasangalala. Muwatume amenewo kwa bambo anga. Abwere ndi tambala, akhale pa mphasa, anene kuti ndi a kuchimuna."

"Sizoseketsa."

"Ndikuseka ine? Mayi anga agula kale chitenje. Ndikawauze kuti chinkhoswe chafera kagalasi?" Anakoka mpweya. "Mukandichititsa manyazi amenewa, musadzabwerenso ku Ntchisi. Sindikuopsezani, ndikungokuuzani."

Atatuluka, Mayi Nangozo anati, "Mawa usabwere. Kalata yopepesa sitaipidwa, imayenda ndi miyendo."

Lachisanu ndinapita ndi mayi anga kwa malume, nkhuku yoyera ili m'khwapa. Njira yonse mayi ankandilangiza. Ukakhale pansi, osati pa mpando. Ukayang'ane pansi. Akakunyoza ukavomere. Ukangotsegula pakamwa pakopo, ndikakusiya komweko.

Ndinakhala pa dothi pakati pa bwalo, azakhali ndi ana awo akuonerera. Ndinanena kuti ndinalakwa, kuti malume si akuba, kuti chimbale ndinapereka ndekha. Malume anandiuza ndibwereze mokweza kuti a nyumba yoyandikana amve. Ndinabwereza. Anati Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndikanenenso pa golosale paja, pamaso pa anthu omwe aja. Mutu unayamba kutentha. Mayi ananditsina pa nthiti. Ndinavomera.

Malume anaikweza nkhuku ija m'manja, anaiyesa kulemera, anaipereka kwa azakhali.

"Chabwino. Ku Ntchisi ndipita. Ndiwe mwana wa mlongo wanga, ngakhale mutu wako uli ngati mbaula."

Ndinapuma. Ndinayamba kudzuka.

"Khala pansi. Chatsopano chija, cha ku Joni, unati pachokha sichigwira ntchito?"

"Ee, malume. Koma ndikalembera achimwene, mwina chaka chamawa akhoza kupeza china choyamba, ndiye..."

"Chaka chamawa. Pamene ine ulendo wa ku Ntchisi ndi sabata yamawa, pa njinga, msewu wokhotakhota uja, kutsogolo kulibe galasi. Ukufuna nkhoswe wako agundidwe ndi thirakitala?"

Ndinayang'ana mayi. Mayi ankayang'ana nkhuku.

Dziko la madzi oundana sindinaliponde n'kamodzi komwe. Chinjoka chija sindinachione chikuuluka. Ndinapisa dzanja m'jekete, ndinatsegula bokosi, ndinapereka ndi manja awiri.

Malume anachitembenuza uku ndi uku, anagwedeza mutu mokhutira, anatuma kuti msomali auike pa makala. Utafiira anaupana ndi pulayala n'kundiitana ndi chala.

"Bwera kuno, mphwanga. Iwe ndiye umazidziwa bwino zinthu zimenezi. Gwira zolimba, chisagwedezeke."

Ndinagwira.